Mwezi wa Mano

Foni ya mu ofesi yathu ku Craighouse
imayamba kulira Malichi akangolowa.
Mabwana a ku Leeds, a ku Bath, ena a ku London,
funso lawo ndi limodzi:
Mbawala za pachilumba panu, tizibwerere mwezi uti?
Ine ndimagwira cholembera.
Apongozi anga, a Ruaridh, ali pampando wa pazenera,
bondo atalikulunga nsalu yaubweya,
amangoti: Afunseni, akufuna chiyani kwenikweni?

Wofuna dzuwa abwere Julayi.
Usiku suda n'komwe, nyanja ili phee,
koma nyanga zikadali zanthete, zaubweya ngati malambe,
ndipo mphepo ikangoti zii
tiudzudzu timadzuka m'dambo ngati utsi wa zinyalala zonyowa,
m'maso, m'makutu, m'khosi mwa malaya.
Ndinaonapo loya wina, mfuti yake mtengo wa nyumba,
akudziomba yekha makofi, misozi ili mbwee.

Wofuna nyanga za pakhoma abwere Okutobala akamayamba.
Pamenepo phiri lonse limabuula.
Mphongo zaleka kudya, makosi atupa,
zagubuduka m'matope akuda, zikununkha kuposa tonde,
iliyonse ikuitana inzake kuti adzaonane.
Nyama yake imakana mchere,
koma pachithunzi fungo silimveka.
Sindikunyoza ayi.
Denga ili ndi Okutobala.
Nsapato za Eilidh za kusukulu ndi Okutobala.

Tsiku lina ndinatseka buku.
Nanga inuyo, bambo? Atati musankhe nokha?
Anayang'ana kunja.
Yankho linabwera patatha miyezi itatu,
m'mawa wa Januwale, sitima italephera kuwoloka kachitatu,
mu shopu buledi atatha.
Valani ziwiriziwiri, anatero. Lero mukhala maso anga.

Tinakwera mdima usanachoke.
Kuwala kwa mwezi umenewu n'kobwereka,
mwini wake amadzakutenga masana asanapendeke.
Matalala m'khosi. Tinakwawa chafufumimba
m'zitsamba zonyowa, mphepo tikuisunga kumaso,
ine ndikumva bondo lawo likudandaula kumbuyo kwanga.

Kuseri kwa mwala, mikota khumi ndi itatu,
ana ake ali m'mbali.
Ndiuzeni, ananong'ona. Yonenepayo isiyeni.
Ndinayendetsa galasi pang'onopang'ono.
Uwo wa kumapeto. Nthiti zikuwerengeka.
Ulibe mwana. Ukutafunira mbali imodzi
ngati msipu ukuupweteka.
Umenewo, anatero. Sufika Malichi.
Tikausiya, adzaumaliza ndi makwangwala, kuyambira m'maso.

Mfuti inalira kamodzi.
Phiri linabweza kawiri, n'kusunga yotsalayo.
Mikota inayo inatsika chigwa mosathamanga kwenikweni,
umodzi unaima, unacheuka, n'kupitirira.

Anagwada, ndi bondo lomwe lija,
anatsegula pakamwa pa nyamayo.
Mano anatha kalekale, patsala tizitsa takuda.
Anatenga chala changa n'kuchiika pamenepo,
pakadali pofunda.
Nawu mwezi wake, anatero.
Sitisankha ndife. Amasankha ndi mano.
Kenako ndinaona lilime lawo likuyenda m'tsaya,
uku ndi uku, mwakachetechete,
likuwerenga awo.

Potsika hatchi inali patsogolo ndi katundu wake,
magazi akusiya timadontho pachipale
ngati munthu woopa kuiwala njira.
Sitinayankhulane mpaka pa mlatho,
pomwe anandifunsa ngati m'botolo mwatsala tiyi.

Malichi wafikanso. Foni ikulira.
Kiyi wa kabati ya mfuti ali m'thumba langa tsopano,
amazizira pantchafu.
A Ruaridh akuwodzera pazenera, kukamwa kuli yasa,
wailesi ikuwerenga za mphepo ya panyanja.
Inde bwana, malo alipo. Inde, zimabuula ndithu.
Ndikulemba: Okutobala, Okutobala, Okutobala.
Tsamba la Januwale
ndimalidumpha, likhale loyera.